Eagle inapita, ana athu aphunzirira pa chiyani?

Ku Lundazi katundu wambiri amayenda pa matayala awiri. Thumba la nshawa lopita kumsika, thonje, feteleza wochokera pa Boma, makala, mbuzi yomangidwa miyendo, mayi wodwala wopita kuchipatala, zonsezi njinga imanyamula. Inu amene munabadwira mu Lusaka, ku Matero kapena ku Chawama, mwina njinga mumaiona ngati choseweretsa cha ana, kapena cha abwana ofuna kuchepetsa mimba Loweruka m'mawa. Kwathu njinga ndi motoka wa banja. Ikafa, zinthu zambiri pakhomo zimaima.

Chimene ambiri a msinkhu wathu sadziwa n'chakuti kudala njinga zinali kupangidwa Kum'mawa komweko. Ku Chipata, makilomita pafupifupi 180 kuchokera pa Boma la Lundazi, kunali fakitale ya Luangwa Industries, ndipo njinga yake yotchuka inali Eagle. Fakitaleyi inali pansi pa INDECO, kampani yaikulu ya boma imene inakula kwambiri pambuyo pa 1968, chaka chimene a Kenneth Kaunda analengeza ku Mulungushi kuti boma litenga gawo lalikulu m'makampani. Maganizo a nthawi imeneyo anali akuti dera lililonse likhale ndi chake chopanga. Mansa inalandira mabatire, Kapiri Mposhi mabotolo, Livingstone motoka za Fiat, Mwinilunga zinanazi za m'zitini, Kawambwa tiyi, Kafue ndi Kabwe nsalu. Ife a Kum'mawa tinalandira njinga. Amene anagawa zinthuzi anali kutidziwa bwino.

Atate anagula Eagle yawo ndi ndalama za thonje ine ndisanabadwe. Inali yolemera, yopanda magiya, yokhala ndi mtanda pakati. Pamene ndinayamba kuphunzira, miyendo yanga sinali kufika pa mapedulo ndikakhala pa chishalo, choncho ndinali kulowetsa mwendo umodzi pansi pa mtanda n'kumachova thupi lili chopendekeka, monga mmene ana onse a kumudzi amayambira. Amalume ndiwo anali mphunzitsi. Masiku oyamba anali kugwira keliyala n'kumathamanga pambuyo. Nditakula pang'ono, anali kukhala pa keliyalapo, miyendo yawo yaitali ikukwekwereza pansi uku ndi uku, kuti njinga ikafuna kugwa iwo apondetse phazi.

"Usayang'ane tayala, mphwanga, yang'ana kumene ukupita," anali kutero.

"Amalume, musatsike!"

Tsiku lina anatsika osandiuza, ndipo ndinazindikira nditafika kale pa chitsime.

Pa njinga imodziyo tinaphunzirapo ana asanu ndi awiri, a m'nyumba mwathu ndi a oyandikana nawo. Inagwera m'ngalande, inagunda mtengo wa mango, inagonekedwa m'matope. Chiwongolero chikapotoka, munthu anali kungopana tayala lakutsogolo pakati pa miyendo n'kuchiwongola. Atate sanali kuopa kutibwereka chifukwa anali kudziwa kuti palibe chimene mwana angawononge chimene wokonza njinga wa pansi pa mtengo sangakonze ndi sipanala, hamala ndi pampu. Pansi pa mtengo umenewo panalinso sukulu. Anyamata anali kukhala pamenepo tsiku lonse kuonerera mmene amamatira chigamba pa chubu, mmene amakokera masipoko kuti tayala lisavine, mmene amachotsera kotapini. Ena mwa iwo lero ndi amakanika a motoka ndi owotcherera zitsulo m'matauni.

Fakitale ya ku Chipata sinafe tsiku limodzi. Mtengo wa kopa utagwa mu 1975, dziko linayamba kusowa ndalama zakunja, ndipo mafakitale amene anali kudalira zitsulo ndi zipangizo zoitanitsa kunja anayamba kupuma movutika. Mu 1991 a Frederick Chiluba ndi chipani cha MMD analowa m'boma, mu 1992 bungwe la Zambia Privatisation Agency linakhazikitsidwa, ndipo makampani a boma anayamba kugulitsidwa. Luangwa Industries inapita m'manja mwa Tata Zambia. Koma malire anali atatseguka, njinga zotchipa za ku India ndi ku China zinadzaza m'masitolo, ndipo patapita zaka kupanga njinga ku Chipata kunatha. Dzina lokha la Eagle ndilo linatsala m'kamwa mwa anthu.

Nkhani imeneyi ndinali kuiona ngati yathu yokha, ya dziko losauka limene linagulitsa mafakitale ake. Chinandisintha maganizo ndi ndeke. Ndili mwana, ndeke yaing'ono ikatera pa kabwalo ka ndeke ka ku Lundazi, tinali kuthamanga opanda nsapato kukaiona, ndipo chidwi chimenecho sichinandichoke. Manje ndili mu Lusaka, mabandulo anga ambiri amathera pa YouTube kuonera zinthu zouluka. Kumeneko ndi kumene ndinadziwira za ndeke yopanda injini, imene azungu amaitcha glider, ndiponso kuti anthu ouluka nayo ku America ali ndi dandaulo lofanana ndi la akuluakulu a kwathu.

Ndeke imeneyi ilibe injini, ilibe mafuta. Imakokedwa ndi chingwe, kaya ndi ndeke ina yaing'ono kapena ndi makina okhala pansi, mpaka ifike m'mwamba, ndiye woyendetsa amamasula chingwecho. Kuchokera apo amadalira mpweya wotentha umene umakwera kuchokera pansi dzuwa likawomba. Aliyense amene anakulira kumudzi anaonapo zimenezi. M'mwezi wa October, kavuluvulu akamanyamula fumbi ndi mapesi m'munda, ndi mpweya wotentha ukukwera. Miimba ndi ziwombankhanga zikamazungulira m'mwamba osakupiza mapiko, zakwera pa mpweya womwewo. Woyendetsa glider amachita chimodzimodzi: amazungulira m'mpweya wokwerawo mpaka atalike, kenako amatsetsereka kukafuna wina. Odziwa bwino amayenda makilomita mazanamazana tsiku limodzi mwa njira imeneyi.

Kuti munthu aphunzire, pamafunika ndeke ya mipando iwiri. Wophunzira amakhala kutsogolo, mphunzitsi kumbuyo, ndipo onse awiri ali ndi zowongolera zolumikizana, kuti wophunzira akalakwitsa, wakumbuyo akonze ndeke isanagwe. Nditaona zimenezi ndinaseka ndekha, chifukwa ndi amalume pa keliyala. Ku America, lamulo limalola mwana wa zaka 14 kuuluka yekha pa glider, asanafike ngakhale pa msinkhu woyendetsa motoka.

Kwa zaka zambiri, ndeke imene inali kuphunzitsa anthu kumeneko inali yopangidwa kwawo. Abale atatu a banja la Schweizer, Ernest, Paul ndi William, anali ndi fakitale pafupi ndi Elmira m'chigawo cha New York kuyambira mu 1939. Ndeke yawo ya mipando iwiri yotchedwa SGS 2-33 inayamba kuuluka mu 1965, ndipo anapanga zokwana 579 mpaka 1981. Thupi lake linali la mapaipi achitsulo owotcherera okutidwa ndi nsalu, mapiko a aluminiyamu. Sinali yokongola ndipo sinali yaliwiro. Ikakhala kilomita imodzi m'mwamba, inali kutsetsereka makilomita pafupifupi 22 isanatere, pamene ndeke zampikisano za masiku ano zimapita kawiri kuposa apo. Koma inali yotchipa, inali kupirira wophunzira akaimenyetsa pansi potera, ndipo makanika wamba anali kutha kuikonza. Asilikali a m'mlengalenga a ku America anaphunzitsirapo achinyamata awo, ndipo ku Canada achinyamata a gulu la Air Cadets aphunzirapo kwa zaka zambiri. Inali Eagle ya m'mwamba.

Kenako makampani a ku Germany anabwera ndi ndeke zosalala zopangidwa ndi fibreglass, zouluka kutali kwambiri, ndipo anthu a ndalama anathamangira kumeneko. Schweizer inasiya kupanga ma glider m'zaka za m'ma 1980 n'kutembenukira ku mahelikopita. Mu 2004 inagulidwa ndi kampani ya Sikorsky, ndipo mu 2012 fakitale ya ku Elmira inatsekedwa. Makalabu ambiri anali kudaliranso ndeke ina yotchipa ya mipando iwiri, L-13 Blaník ya ku Czechoslovakia, imene inayamba kuuluka mu 1956 ndipo zinapangidwa zoposa 2,500. Mu June 2010 imodzi inathyoka phiko ili m'mwamba ku Austria, ndipo akuluakulu oyang'anira za ndeke ku Ulaya ndi ku America analetsa ndeke za mtundu umenewo kuuluka kufikira zitakonzedwa, ntchito imene inali yodula kwambiri kwa makalabu ang'onoang'ono. Lero kalabu yofuna ndeke yatsopano yophunzitsira imayang'ana ku Ulaya, ku ndeke monga ASK 21 ya kampani ya Alexander Schleicher, imene mtengo wake ikafika ndi zonse zofunika umapitirira madola 100,000. Amene sangakwanitse akupitiriza kumata zigamba pa ndeke za zaka 50.

Ngakhale kuno ku Africa ma glider amapangidwa. Ku Potchefstroom, ku South Africa, abale awiri, Attie ndi Uys Jonker, anayambitsa kampani ya Jonker Sailplanes, ndipo ndeke yawo ya JS1 inauluka koyamba mu 2006. Ndeke zawo zimapikisana ndi za ku Germany m'mipikisano ya dziko lonse, zimene n'zonyaditsa. Koma ndi ndeke za akatswiri, za munthu mmodzi, zogula anthu amene anaphunzira kale. Luso lopanga lilipo, ndipo lapita kumene kuli ndalama.

Apa ndi pamene njinga ya ku Chipata ndi ndeke ya ku Elmira zimakumana. Chinthu chophunzirira chili ndi tsoka lake. Chiyenera kukhala chotchipa, chifukwa wophunzira alibe ndalama. Chiyenera kukhala cholimba, chifukwa adzachigwetsa. Chikakhala chotchipa, wopanga amapeza phindu lochepa. Chikakhala cholimba, wogula sabweranso kwa zaka 20. Choncho mpikisano ukafika, chinthu choyamba chimene fakitale imasiya ndi chomwecho, ndipo palibe amene amafuula tsiku limenelo chifukwa zakale zikadali kugwira ntchito. Vuto limaonekera mochedwa, pamene zakalezo zayamba kutha mmodzimmodzi ndipo mwana wofuna kuphunzira akupeza kuti palibe chokwera. Akuluakulu amati mbewa ya manyazi inafera kuuna, koma mwana wa lero ngakhale atalimba mtima kupempha, mwini njinga ya magiya yogula pa salaula sangamubwereke, chifukwa ikathyoka kachitsulo kosinthira magiya, sikapezeka pa msika wa kumudzi.

Sindikunena kuti njinga zasowa ku Lundazi. Zilipo zambiri, za Hero, za Avon, za ku China, za salaula. Komanso si chilungamo kunena kuti kugulitsa makampani a boma ndiko kokha kunapha Eagle. Raleigh, imene agogo athu anali kuilemekeza ngati mfumu ya njinga, inasiya kupanga njinga kwawo ku Nottingham mu 2002. Atlas ya ku India inatseka fakitale yake yomaliza pa 3 June 2020, tsiku lokumbukira njinga padziko lonse. Ngati zimphona zimenezi zinagwa, fakitale ya ku Chipata, yoitanitsa zitsulo kuchokera kutali kudzera pa madoko a mayiko ena, inali ndi phiri lalikulu lokwera. Wandale akadzabwera pa msonkhano n'kulonjeza kuti adzatsegulanso fakitale monga inalili kale, mufunseni kuti zitsulo adzazitenga kuti, ndipo njinga yake idzagulitsidwa zingati poyerekeza ndi ya ku India.

Pali ena amene aona mpata umene unatsala. Bungwe la World Bicycle Relief, limene linayamba mu 2005, linabweretsa njinga ya Buffalo, imene imalumikizidwa mu Lusaka. Ndi yolemera, yopanda zokometsera, ndipo keliyala yake inapangidwira kunyamula makilogalamu 100. Bungweli lapereka njinga zimenezi kwa ana a sukulu a kumidzi, ambiri mwa iwo atsikana, ndipo limaphunzitsa okonza njinga m'madera amene lagawako. Kunabweranso Zambikes mu 2007, imene inadziwika ndi mafelemu a nsungwi ndi kangolo konyamulira odwala kokoka ndi njinga. Buffalo yaonetsa kuti anthu a kumudzi akufunabe chimene Eagle inali kuwapatsa. Koma zitsulo zake zimapangidwa kunja, ndipo mtengo wake kwa mlimi wa maekala awiri si wamasewera. Mwana amene sukulu yake sinasankhidwe amayendabe wapansi.

Manje achinyamata ambiri mtima uli pa njinga zamoto. Pa Boma, pa msewu wopita ku malire a Lusuntha, pa njira za ku Chasefu ndi ku Lumezi, ma Boxer ndi ma TVS ali ponseponse, ndipo ndikumvetsa chifukwa chake. Amafika msanga ndipo amabweretsa ndalama tsiku lomwelo. Koma njinga yamoto si malo abwino oyambirapo. Mwana wogwa pa njinga yochova amanyuka bondo n'kudzuka. Mnyamata amene sanaphunzirepo kuwerenga msewu, kuyeza mchenga, kudziwa mmene katundu wakumbuyo amakokera pa kona, akayambira pa makina othamanga makilomita 80 pa ola, kulakwitsa kwake koyamba kungakhale komaliza, ndipo kumbuyo kwake kwakhala mayi wa munthu wina. Oyendetsa ndeke amadziwa bwino mfundo imeneyi. N'chifukwa chake salola munthu kuuluka yekha asanakhale maulendo ambiri ndi mphunzitsi kumbuyo.

Chinanso chimene timataya ndi manja odziwa. Fakitale ikakhala pafupi, pamakhala anthu odziwa kupinda paipi, kuwotcherera felemu kuti isakhote, kupenta chitsulo kuti chisachite dzimbiri. Anthu amenewo akapuma ntchito amabwerera kumidzi ndi luso lawo, ndipo ana amaonera. Fakitale ikatsekedwa, luso limakhala ndi moyo kwa m'badwo umodzi, kenako limaikidwa m'manda pamodzi ndi eni ake. Amene anagwira ntchito ku Luangwa Industries lero ndi okalamba. Ife tikudziwa kuitanitsa katundu pa foni, kudziwa tsiku limene kontena ifika pa Nakonde kapena pa Mwami, koma ochepa mwa ife angapange ngakhale keliyala yowongoka.

Pamenepa m'pamene ndikuona poyambira, ndipo sipafuna fakitale yaikulu. Mu 2022 ndalama za CDF zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsitichuwense iliyonse, ndipo zapitiriza kukwera. Mu 2022 dera lakale la Lundazi linali ndi makonsitichuwense atatu: Lundazi, Lumezi ndi Chasefu. Boma litanena kuti madesiki a m'masukulu azigulidwa kwa amisiri a m'dera, akalipentala ndi owotcherera ambiri anapeza ntchito, ndipo anyamata anaphunzira pa ntchito yomweyo. Ngati zinatheka ndi madesiki, zingathekenso ndi makeliyala olimba, tingolo tokoka ndi njinga, tingolo ta odwala ta zipatala za kumidzi, ndi mafelemu ang'onoang'ono a ana a zaka 10, amene mpaka lero amaphunzira atalowetsa mwendo pansi pa mtanda chifukwa palibe amene anawaganizirapo. Ku Chipata kuli sukulu ya zaluso, Chipata Trades, ndipo CDF yomweyo imalipirira achinyamata maphunziro a ntchito zamanja. Matayala, matcheni ndi mabelingi tingapitirize kugula kunja. Zimene zimafuna paipi, moto ndi manja tingazipange tokha.

Sukulu ya pulayimale ya kumudzi ingakhale ndi njinga zisanu zolimba, zosakhala za munthu mmodzi, zoti mwana aliyense aphunzirepo kuchova ndi kukonza, monga mmene kalabu ya ma glider imakhalira ndi ndeke imodzi ya mipando iwiri ya mamembala onse. Makalabu amenewo anazindikira kuti popanda ndeke yophunzitsira, kalabu imakalamba pamodzi ndi eni ake mpaka kutsekedwa, ngakhale m'shedi mutadzaza ndeke zokongola za munthu mmodzi.

Inu anzanga a mu tauni amene kwanu ndi Kum'mawa, mukapita kumudzi pa Khisimasi kapena pa maliro, yang'anani kuseri kwa nkhokwe. Nyumba zambiri zili ndi felemu yakale yopachikidwa pamenepo, yopanda matayala, ikudikira ogula zitsulo zakutha kuti aiyeze pa sikelo. Musaigulitse pa kilo. Ndalama zimene timathera pa mabandulo mwezi umodzi kapena iwiri zingagule machubu, tcheni ndi masipoko. Ipititseni kwa wokonza njinga, ndipo mutenge mwana wa mlongo wanu akaonerere ikumangidwa. Ikatha, mukhale pa keliyala, miyendo pansi, iye achove.